Kakhadi ka thaulo kokha sikangapulumutse nyanja yathu

Akonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yanuyi ndilankhulepo za nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo, ya mmene ife ogwira ntchito mmahotela ndi mmaloji a kunyanja kuno pamodzi ndi alendo athu tikuchitira ndi nyanjayi. Ine ndine mayi wa konkuno ku Mangochi, ndinabadwira mmudzi wina wa mmbali mwa nyanja pakati pa boma ndi Monkey Bay, ndipo ntchito ya mmalo ogona alendo ndaigwira zaka 14 pamalo atatu osiyana. Ndinayambira kochapa zovala, kenako kukonza zipinda, pano ndimayang'anira anzanga okonza zipinda. Malo amene ndikugwira sinditchula olo amene ndinagwirako kale, chifukwa cholinga changa sikuyalutsa munthu ayi komanso zimene ndinene pano sizapamalo amodzi.

Chandilembetsa kalatayi ndi zimene ndinaona mmawa wa pa 16 Okutobala. Aliyense akudziwa kuti pa 15, tsiku la anakubala, kuno kumadzaza, makosita ndi maminibasi ochokera ku Blantyre, Zomba, Balaka, Lilongwe, azimayi atavala zitenje zofanana kuimba kuvina, ana kusambira mpaka dzuwa kulowa, ndipo ine zimandisangalatsa ndithu chifukwa ndi masiku ngati amenewa amene timapezako katipu ndipo anyamata a mmudzi amapezako ganyu. Koma kutacha tinatsikira kumchenga anthu 6 ndi masaka, abale inu, tinadzaza masaka 23 pakamchenga kathu kochepa kaja. Mabotolo a mowa ena osweka, majumbo, mbale za take away, masitiro, zitsekerero za mabotolo, mafupa a nkhuku, timapepala ta mabisiketi, ndiye chondinyansa kwambiri ndi matewera a ana aja otaya, munthu kukumba mchenga nkukwirira pomwepo pamene mwana wa mnzake akhale mawa lake nkumaumba tinyumba. Mnyamata wathu wosamala maluwa anali atavala patapata basi, anaponda tako la botolo losweka limene linakwiririka mumchenga, linamulowa pachidendene magazi chuchuchu, tinamumanga ndi pilokesi yakale nkumukweza panjinga yamoto kupita kuchipatala komwe anakamusoka. Ndipo masaka 23 amenewo ndi zokhazo zimene zinatsala pamtunda, majumbo ambiri mphepo ya usiku inali itawakankhira kale mmadzi.

Nde mundifunse kuti masaka aja anapita kuti. Tinawanyamula pawilibala mpaka kudzenje la kuseri kwa mpanda, tinathira palafini nkuyatsa, utsi wakuda wonunkha pulasitiki nkulowera kumudzi komwe kuli ana athu ndi makolo athu. Kumchenga kunayera mbee, alendo amene anadzuka mochedwa anajambula zithunzi zokongola nkuika pa Facebook, koma nyansi sizinachoke, tinangozichotsa pamaso pa mlendo nkukaziika pamphuno pa eni mudzi. Apa mpamene ndikufuna tiyang'anane mmaso, eni mahotela, ogwira ntchito anzanga ndi inu alendo athu.

Mmalo ambiri ogona masiku ano mukalowa kubafa mupeza kakhadi kolembedwa bwinobwino kuti tithandizeni kuteteza nyanja, thaulo limene mukufuna kugwiritsanso ntchito lipachikeni, limene mukufuna tichape liikeni pansi. Ganizo lake ndi labwino ine sindikulitsutsa. Koma ndikuuzeni zoona zake monga munthu amene wakhala akulowa mzipindazo, kwa zaka zambiri thaulo olo mlendo alipachike ife timalichotsabe. Ineyo ndachita zimenezi kosawerengeka. Chifukwa chake nchakuti palibe anatikhazikapo pansi nkutiuza tanthauzo la kakhadi kaja, kanangobwera tsiku lina nkuuzidwa kuti kaikeni mzipinda zonse basi, ndipo wamkulu wathu wa nthawi imeneyo akadutsa nkupeza thaulo lonyowa pachitsulo amakukalipira pagulu kuti ndiwe waulesi sukudziwa ntchito, nde munthu woopa kuchotsedwa ntchito uchita chani, umangotenga zonse kukachapitsa. Mashiti chimodzimodzi, munthu mmodzi wagona usiku umodzi atasamba, mawa lake akadali pompo koma tasintha bedi lonse. Kochapira ndinagwirako zaka 4 nde ndikudziwa chimene chimalowa mmadzi aja, sopo waufa wambiri, jiki, mankhwala ofewetsa nsalu, ena ochotsa mafuta, manja anga ankasupuka khungu mwezi ndi mwezi.

Amene ananditsegula maso ndi mlendo, osati mzungu ayi, mayi wina wachikulire wa ku Zomba amene anapuma ntchito yauphunzitsi, anabwera ndi ana ake kudzapuma masiku atatu. Tsiku lachiwiri anandipeza pakhonde ndili ndi mtolo wa mathaulo nkundifunsa mwaulemu kuti, mwana wanga, thaulo langa ndinalipachika monga mwanenera pakakhadi paja, nanga mwalitengeranji. Ndinasowa choyankha ndinangoti pepani amayi ndi lamulo la ntchito. Iwo sanakwiye, anangofunsanso kuti nanga madzi amene mumachapira amapita kuti. Ndinati ku ngalande. Ngalandeyo imathera kuti. Zoona Akonzi ndinali nditagwira pamalo amenewo zaka zingapo koma ndinali ndisanayendepo kuilondola ngalandeyo. Madzulo ake nditaweruka ndinailondola ndekha, imadutsa kunsi kwa mpanda, kulowa mmabango, nkukathera mnyanja, thovu loyera likuyandama pamwamba ndipo udzu wa mmbali mwake unali utapserera. Kuchoka pamenepo kuyenda pang'ono chabe ndi padooko pamene azimayi a mmudzi amatsuka mbale, kusambitsa ana ndi kutunga madzi mjigo ukaonongeka. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, mayi amene uja anandimeta ndi mafunso awiri basi.

Ndimafuna eni mahotela amvetse chinthu chimodzi, mlendo ndi mame sachedwa kukamuka, abwera Lachisanu Lamulungu wapita. Bwana naye nyumba yake yeniyeni mwina ili ku Blantyre kapena kunja. Otsala ndi madzi amenewa ndi ifeyo ochapa, ophika, alonda, osesa, ndi abale athu. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 nkupitirira mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 mdziko muno ndipo Mangochi anali mgulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri, ife tinaika maliro a anthu owadziwa, ena tinkapemphera nawo ena tinkagulitsana nawo usipa. Sindikunena kuti mahotela ndi amene anabweretsa kolera ayi, mmidzi mwathu momwemo zimbudzi ndi zochepa ndipo mchenga umagumukira, ena amangothamangira kunyanja, vuto limenelo ndi lathu ndipo timalidziwa. Koma malo amene amalandira anthu mahandiredi pa wikendi imodzi ali ndi udindo waukulu kuposa banja limodzi. Mu 2024 nyanja itakwera madzi analowa mmaloji ambiri a mmbali muno, zipinda zina kumira mpaka mmawindo, anthu ankadandaula za mabedi ndi matailosi koma ine maso anga anali pa maseputiki tanki amene anakumbidwa pafupi ndi gombe, madzi ataphimba zivundikiro zake mukuganiza kuti zamkatimo zinapita kuti. Amene akumanga kapena kukonzanso pano chonde zimbudzi ndi matanki azikwezere kumtunda, nyanja yationetsa kale pamene imatha kufika.

Tilowe kukhitchini tsopano chifukwa nkhani yaikulu ili kumeneko. Mlendo aliyense akafika ku Mangochi mawu oyamba ndi chambo, chambo chootcha ndi tchipisi, chambo ndi nsima, ena amafuna chonyamula mkulabokosi popita kwawo. Palibe cholakwika kukonda chambo, ifenso timachikonda. Koma kuyambira pa 1 Novembala nyanja imatsekedwa kwa makoka chifukwa ndi nyengo imene chambo chimaswana, chachimuna chimakonza chisa pamchenga malo osaya, chachikazi chimasunga mazira ndi tiana mkamwa mpaka titalimba. Khoka likakokedwa nthawi imeneyi limakokolola zisa, mayi, mazira ndi ana nthawi imodzi. Ndipo nthawi yomweyi ndi imene kukubwera Khirisimasi ndi Nyuwere, alendo ali mbwee onse akufuna chambo, shefu akuopa kuuza mlendo kuti palibe, manijala akuopa kuti alendo athawira kwa oyandikana nawo, nde mbandakucha kugeti lakumbuyo kumafika munthu ndi beseni lovundikira chiguduli, palibe amafunsa kuti wapha ndi chani. Tsiku lina mu Disembala ndinalowa kukhitchini kukatenga madzi otentha ndinapeza mnyamata wothandiza shefu akupala nsomba, atatsegula kukamwa kwa chambo china mazira achikasu anakhuthukira pathabwa, ambirimbiri ngati mapira, iye anangowakokolola ndi mpeni kuponya mubini nkupitiriza ntchito. Bambo anga anali msodzi, ndinaima pamenepo mtima ukuwawa chifukwa ndikudziwa chimene chinatayidwa mubini muja.

Chinanso ndi kasawala, tiana ta chambo timene sitinafike olo masentimita 15 amene malamulo a zausodzi amanena, timakazingidwa nkuikidwa pabala ngati kothira mkamwa pomwa mowa. Amene amagula akuti nkokoma. Makolo athu amatiuza mmene nyanja ya Malombe inkadzazira chambo, pofika zaka za mma 1990 chinali chitapita, lero ana obadwira kumeneko amadziwa kambuzi basi. Mu 2018 bungwe loona zachilengedwe padziko lonse la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo pamndandanda wa zamoyo zimene zili pachiopsezo chachikulu chotheratu. Nde hotela imene ikugula kasawala kapena chambo cha mazira isaike kakhadi ka thaulo nkumati tikuteteza nyanja, zinthu ziwirizi sizikuyendera limodzi. Njira ilipo, chambo choweta mmakhola a mnyanja ndi mmadamu chikupezeka, a kampani ya nsomba ya Maldeco konkuno amaweta, pali kampango, pali mcheni, pali usipa wofutsa umene ukaphikidwa bwino ndi tomato ndi anyezi mlendo amanyambita zala. Weta angophunzitsidwa kunena mwaulemu kuti bwana miyezi ino chambo cha mnyanja chikuswana, tili ndi choweta kapena kampango, ine ndaona ndi maso anga alendo ambiri akuvomera, ena mpaka kuthokoza kuti sitimadziwa. Komanso anthu ambiri sadziwa kuti kutha kwa nsomba kumakhudza ngakhale osambira, ofufuza ku Cape Maclear anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka a mmbali mwa gombe nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka. Mlendo akadwala likodzo akabwerera kwawo sabweranso ndipo amauza anzake.

Makala nawo musaiwale. Thumba lililonse limene limatsitsidwa panjinga kugeti lakumbuyo linali mtengo dzana, ndipo amene amayenda njira za ku Phirilongwe kapena kukwera ku Namizimu akudziwa mmene mapiri akuyerera. Mitengo ikatha kumtunda mvula imakokolola dothi lonse kutsikira mnyanja momwe muno, madzi nkufiira, malo oswanirana nsomba nkukwiririka ndi matope. Khitchini ya alendo mwina ili ndi gasi koma chakudya cha ife antchito, madzi otentha magetsi akazima, nyama yootcha ya kumchenga, zonsezo ndi makala ndi nkhuni. Mbaula ya chitetezo siidula, gasi alipo, dzuwa la ku Mangochi limatentha chaka chonse moti giza ya sola imagwira ntchito osavuta.

Pali gulu lina la alendo limene limatidyetsa kwambiri kuno, la mawekishopu, a mmaofesi ndi a mabungwe amene amabwera kudzachita misonkhano kunyanja. Ndimawalemekeza chifukwa popanda iwo miyezi ina malipiro sangatuluke. Koma taonani, munthu aliyense amaikiridwa kabotolo ka madzi ka 500ml mmawa, kena masana, kena madzulo, anthu 40 masiku 5 werengani nokha, ndi mabotolo 600 msonkhano umodzi, ambiri omwedwa theka nkusiyidwa pansi pa tebulo. Akamatuluka mchipinda kupita kuholo amasiya AC, makina oziziritsa mchipinda aja, ikulira, magetsi onse oyaka, TV ikuyankhula yokha, pena windo lili pululu, mpaka 5 koloko madzulo. Ukawafunsa mwaulemu ena amakuyankha kuti ndalipira kapena ofesi yalipira. Chondipweteka nchakuti misonkhano ina imakhala yokambirana zachilengedwe zomwezo ndi kusintha kwa nyengo. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo Shire amayambira konkuno, amadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi paboma kulowa ku Malombe nkumatsika. Zinyalala ndi namasupuni zikachuluka mumtsinje makina amatsekeka, magetsi nkuzima, ife nkuliza jenereta ya dizilo usiku wonse kuti AC ya mchipinda chopanda munthu izizizira. Pa bufe napo mbale kudzaza ngati phiri, nsima, mpunga, tchipisi, nkhuku, ng'ombe, nsomba zonse pamodzi, theka nkubwerera kukhitchini, pamene kunja kwa mpanda kuli mabanja amene akugonera mango owiritsa. Kutenga pang'ono nkubwereranso kukaonjezera palibe amakuletsani.

Za majumbo boma linaletsa kale mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 mu 2015, makampani anathamangira kukhoti, khoti la Supreme linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chikhalepo, koma mpaka lero wogula zinthu wa hotela akapita kumsika amabwera tomato mujumbo yake, anyezi mujumbo yake, tsabola mujumbo yake. Madengu ndi zikwama za mlaza amaluka anthu konkuno mmbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, hotela kugula madengu 10 basi nkhani yatha ndipo woluka wapezako ya sopo.

Pena anzanga pantchito amati zachilengedwezi ndi za azungu, iwo ndi amene amadandaula za masitiro. Ine ndimakana. Nzoona alendo akunja ambiri amabwera ndi botolo lawo lothiramo madzi ndipo sataya zinyalala pansi, pamenepo tiwatengere. Koma nawonso ali ndi zawo, kuponyera anyani nthochi ndi buledi kuti ajambule, anyani aja akazolowera amayamba kulowa mzipinda ndi kulanda ana chakudya mmidzi, mapeto ake anthu amawagenda kapena kuwapha. Ena amasamba shawa katatu patsiku mphindi makumi awiri. Lake Malawi National Park, malo otetezedwa a ku Cape Maclear, inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija timene anthu amakwera ndege kudzationa ku Thumbi, ku Domwe ndi ku Otter Point. Anyamata operekeza alendo pamaboti ndi amene ali ndi mphamvu pamenepa, akawauza alendo kuti pano sitisiya kanthu, botolo lililonse libwerere mboti, mlendo amamvera. Akakhala chete poopa kutaya tipu zonse zimatsala pachilumba.

Tsopano ndiyankhule ndi mabwana. Musamangoti antchito athu ndi osasamala. Munthu amene simunamupatse magolovesi olo gambutsi, malipiro ake akutha pa 10 mwezi usanafike pakati, akugwira kuyambira 6 mmawa mpaka usiku, simungamuuze kuti alowetse manja mubini azisankha mabotolo padera zotsala za chakudya padera. Bini ndi imodzi, dzenje ndi limodzi, galimoto yotola zinyalala kwathu kuno siifika, nde mukufuna atani. Komanso mutifunseko nzeru, ife ndi amene timadziwa mpope umene ukudontha chipinda chakutichakuti mwezi wachitatu uno, timadziwa thanki ya toileti imene imangotaya madzi usiku wonse, timadziwa kuti ndiwo ziti zimabwerera zosadyedwa tsiku ndi tsiku. Tikanena timaoneka ngati ovuta kapena ofuna kutchuka, mapeto ake munthu umangoti zanga nzotani bola mwezi uthe ndilandire.

Kuti musaganize kuti ndikungodandaula, pamene ndikugwira panopa zinthu zina zasintha ndipo sizinadye ndalama zambiri. Manijala watsopano anatiitana tonse, alonda omwe, tinakhala pansi pa mtengo wa mango nkutifunsa mmodzimmodzi kuti chikuonongeka nchani kumbali yako. Mlonda wachikulire, munthu wosalankhulalankhula, ndi amene ananena kuti magetsi a panja 12 amayaka mpaka 8 koloko mmawa chifukwa switchi yake ili mu ofesi yokhoma. Zaka zonsezi palibe anamufunsapo. Kuholo tinaika zigubu zazikulu za madzi akumwa za malita 20 ndi matambula agalasi, mabotolo ang'onoang'ono timapereka kwa yekhayo wapempha. Madzi ochokera kochapa tinawakumbira dzenje kutali ndi gombe, tinathiramo miyala ndi mchenga nkubzala nthochi mozungulira, ndipo jiki tinachepetsa timangothira zoyera zothimbirira basi. Makoko a mbatata, masamba ndi zotsala zina zimapita pa kompositi ya kudimba komwe tikukolola repu ndi tomato wa kukhitchini, nsima yotsala timayanika anzathu oweta nkhuku ndi abakha amatenga. Mabotolo agalasi obweza amabwerera mmakireti, apulasitiki abwino timatsuka nkugulitsa kwa azimayi a thobwa ndi ogulitsa mafuta ophikira oyeza, zitini amagula a zitsulo zakale, ndipo ndalama yake bwana anati isalowe mu ofesi ikhale ya antchito, timaiponya kubanki mkhonde yathu. Kungoyambira pamenepo palibe amene amafunika kumukumbutsa zosankha zinyalala, aliyense akaona botolo pansi amatola. Atsikana anga ndinawauza kuti thaulo lopachika silichotsedwa, mashiti a mlendo wokhalitsa timasintha tsiku lachitatu pokhapokha atapempha kapena ada, ndipo wina akakalipiridwa pa chifukwa chimenechi abwere kwa ine ndikayankha ndine.

Koma dzenje lotenthera zinyalala lija likadalipo Akonzi, ndipo likadafukabe utsi, chifukwa matewera, majumbo ong'ambika, mbale za take away ndi magalasi osweka tilibe kopita nazo. Apa pokha hotela imodzi payokha singathe. Mlendo aliyense akalipira bilu pamakhala 1% ya tourism levy, msonkho wa zokopa alendo, ndikupempha akuluakulu oona zokopa alendo aganizireko kuti kagawo kena ka ndalama imeneyi kabwerere kunyanja kuno kadzagwire ntchito ya zinyalala, olo thirakitala imodzi yoyenda msewu wa boma mpaka Monkey Bay ndi Cape Maclear kawiri pasabata, ndi malo amodzi otayirako osamalidwa bwino kutali ndi madzi. Eni mahotela oyandikana nawonso atha kusonkherana, amapikisana pa alendo inde koma mphepo ikaomba jumbo ya uyu imakathera pamchenga wa uyo. Oyendera malo ogona akabwera asamathere kuona mabedi, mafiriji ndi ziphaso zapakhoma, azipempha kuti tiperekezeni kuseri, aone kumene ngalande ikuthera, aone tanki ya suweji ili mamita angati kuchoka pamadzi, atsegule firiji ya nsomba mu Disembala ayeze ndi rula. A bungwe la boma loteteza zachilengedwe la MEPA ndi a zausodzi pamodzi ndi makomiti a mmadooko aja a BVC atagwirana manja ndi mahotela ogula nsomba, wakhoka lozemba angasowe kogulitsa. Tsiku losesa limene a Chakwera anakhazikitsa mu Novembala 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi, mahotela atha kulitenga kukhala lawo, kumasula antchito maola awiri tisese limodzi ndi a mmudzi kuyambira padooko mpaka kumsika, osangoti kutsogolo kwa geti lokha.

Ndipo inu abale athu amene mukukonza zobwera Khirisimasi ino, bwerani ndithu tikulandirani ndi manja awiri, nyanjayi ndi yanunso. Mukanyamula kulabokosi nyamulaninso thumba lobwezeramo mabotolo. Tewera la mwana likulungeni mutipatse ife, sitinyansidwa nalo mmanja, timanyansidwa nalo mumchenga. Botolo likasweka musakwirire, itanani aliyense wa yunifolomu atole. Potuluka mchipinda zimitsani AC, mukabwera imazizira mphindi zochepa chabe. Weta akakuuzani kuti chambo cha mnyanja palibe musamukalipire, akuchita chinthu choyenera, ndipo amene akukutsatsani kasawala pamsewu mukaneni. Komanso funsani mafunso ngati mayi wa ku Zomba uja, funsani kuresepishoni kuti zinyalala zanu mumataya kuti, madzi akubafa amapita kuti, nsomba iyi mwagula kwa ndani, chifukwa ife tikanena mawu athu amathera pakhonde koma mlendo akafunsa kawiri katatu nkhani imafika kwa mwini wake tsiku lomwelo.

Mnyamata wathu wosamala maluwa uja anachotsa ulusi sabata yatha ndipo wayambiranso ntchito ngakhale akuyendabe motsimphina, anakhala kunyumba masabata atatu. Ndalama ya mabotolo ya mwezi uno tinagwirizana kuti tisagawane, tagula magambutsi mapeyala 6 ndi magolovesi olimba a onse otsikira kumchenga mmawa, ndipo tapempha mabini ena anayi oti tiike pansi pa mitengo pamene anthu amakonda kukhala, bwana wavomera awiri.

Ndine wanu,
Mayi woyang'anira zipinda,
Mangochi